Momwe mungalumikizire chitseko cha galaja ku Wi-Fi kuti muzichitsegula ndi foni

Anthu ambiri amene amagula kachipangizo kotsegulira chitseko cha galaja pafoni amakodwa pa malo atatu omwewo. Wina amakamangirira bwinobwino kudenga, n'kupeza kuti kakukana kugwira Wi-Fi. Wina amalumikiza mawaya monga mmene bukhu lanenera koma mota yokoka chitseko siigwedezeka n'komwe. Wachitatu zonse zimamuyendera, kungoti foni imamuuza kuti chitseko chatsekeka pamene chili chiyasamire. Mavuto onse atatuwa amayamba munthu asanagule kanthu, n'chifukwa chake masitepe anayi oyambirira pano ndi ofufuza, ndalama isanatuluke m'thumba.

Kachipangizoka kali ndi ntchito ziwiri zokha. Kamadina batani la mota m'malo mwa chala chanu, ndipo kamakuuzani ngati chitseko chili chotseka kapena chotsegula. Sikanyamula chitseko, sikachiritsa mota yotopa, ndiponso sikaona mwana amene waima pakhomo.

## Zimene mufunika kukhala nazo

- Makwerero olimba otha kuima okha
- Sikuludiraiva yaing'ono yakuthwa mosalala ndi ina ya mtanda
- Pulayala kapena chosendera mawaya
- Tepi yoyezera
- Dirilo, ngati mumangirira ndi masikuluwu
- Kachidutswa ka waya wokutidwa, kotalika masentimita 10
- Thabwa lochindikala masentimita 4 mpaka 5
- Katoni yopanda kanthu
- Timalamba tapulasitiki tomangira mawaya
- Nsalu youma ndi sipiriti wopukutira
- Foni yanu, dzina la Wi-Fi ya panyumba ndi pasiwedi yake
- Bukhu la mota, kapena nambala ya mtundu wake kuti mulipeze pa intaneti

Kachipangizo kenikeniko sindinakaike pamndandandawu mwadala. Mukagula mukafika pa sitepe 5.

## Sitepe 1: Yesani chitseko ndi manja

Tsekani chitseko kaye. Kenako kokani chingwe chofiira chimene chimalendewera pa njanji ya mota. Chingwechi chimalekanitsa chitseko ndi mota kuti chiziyenda ndi manja.

Chenjezo: musakoke chingwechi chitseko chili m'mwamba. Ngati sipulingi ndi yothyoka kapena yofooka, chitseko chidzatsika ndi kulemera kwake konse, ndipo cha galaja ya magalimoto awiri chimatha kufika makilogalamu 100.

Nyamulani chitseko mpaka m'chiuno, n'kuchileka pang'onopang'ono. Chabwinobwino chimaima pomwepo kapena kungosuntha pang'ono. Chikathamangira pansi kapena kudumphira m'mwamba, masipulingi asokonekera. Mvetserani pamene chikuyenda: kukhula, kugwira penapake, kapena kupendekera mbali imodzi, zonsezi n'zoyenera kukonza musanapitirire.

Masipulingi ambiri anapangidwa kuti apirire kutsegula ndi kutseka maulendo pafupifupi 10,000. Chitseko chotsegulidwa kanayi patsiku chimakwanitsa chiwerengerochi m'zaka zisanu ndi ziwiri. Ngati anu atopa, itanani mmisiri wa zitseko. Sipulingi yopota imene ili pamwamba pa chitseko, pamodzi ndi zitsulo zapansi pomwe pamangidwa zingwe zake, musazimasule nokha. Mphamvu imene yasungidwa mmenemo imathyola mkono.

## Sitepe 2: Tsimikizani kuti chitseko chimabwerera chikakumana ndi chinthu

Sitepe iyi musaidumphe, chifukwa kuyambira lero chitseko chizitsekedwa ndi munthu amene sakuchiona.

Bwezeretsani chitseko ku mota. Yang'anani pansi, mbali zonse ziwiri za khomo: payenera kukhala timasensa tiwiri toyang'anana, totumizirana kuwala kosaoneka ndi maso. Ku United States lamulo linayamba kufuna chitetezo chamtunduwu pa mota iliyonse yatsopano kuyambira mu January 1993, ndipo opanga ambiri amalangiza kuti timasensati tisakwere kupitirira masentimita 15 kuchokera pansi. Yezani anu. Amene anaikidwa m'mawondo sangaone mwana wokwawa kapena galu wogona.

Tsegulani chitseko, ikani katoni pakati pa masensa, dinani batani lotsekera. Chitseko chisatsike. Chotsani katoni, yambitsani kutseka, ndipo chili pakati lowetsani katoniyo ndi phazi muli chapatali. Chiyenera kuima n'kubwerera m'mwamba.

Tsopano gonekani thabwa lija pansi, pakati penipeni pa khomo, pomwe chitseko chimafikira. Tsekani. Chikangogunda thabwa chibwerere chokha. Chikakanikiza n'kukhala pomwepo, mphamvu yotsekera yachuluka kapena malire otsikira anatcheredwa molakwika, ndipo bukhu la mota likuonetsani potembenuza.

Ngati mota yanu ilibe masensa, onani m'bukhu ngati ili ndi malo owalumikizira. Ngati ilibe, musaiike pa Wi-Fi. Pitani ku gawo lonena za kusintha mota yonse.

## Sitepe 3: Dziwani mtundu wa mota yanu

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Kwerani makwerero, jambulani ndi foni chikwangwani cha pamota chimene chili ndi dzina la kampani, nambala ya mtundu ndi chaka. Onaninso ngati pachivundikiro pali chizindikiro cha Wi-Fi. Mota zambiri zatsopano zimabwera nayo kale, ndipo eni ake amakhala zaka osadziwa. Ikakhala yotero, simufunika kugula kalikonse: ikani pulogalamu ya kampaniyo pafoni n'kupita ku sitepe 4.

Tizipangizo towonjezera pa mota yakale tili m'magulu awiri. Ena amalumikizidwa ndi mawaya awiri pamalo omwe pamalowa mawaya a batani lapakhoma; ambiri a Meross, Tailwind ndi ismartgate ndi otere. Ena salumikizidwa ndi waya ku mota, amangolankhula nayo pa wailesi ngati limoti, monga kachipangizo ka myQ ka kampani ya Chamberlain.

Kuti mudziwe ngati ka mawaya kangagwire ntchito, tsatirani ndi maso waya wochokera ku batani lapakhoma mpaka pomwe walowera kumota. Mupeza malo awiri ang'onoang'ono. Sendani kachidutswa ka waya kaja mbali zonse ziwiri, onetsetsani kuti pakhomo palibe munthu kapena galimoto, gwirani pokutidwa, n'kukhudzitsa malo awiriwo nthawi imodzi kwa sekondi imodzi. Chitseko chikayenda, mota yanu imamva kudina wamba, ndipo pafupifupi kachipangizo kalikonse ka mawaya kagwira.

Chenjezo: malo a batani lapakhoma amakhala ndi magetsi ochepa, koma mkati mwa mota muli magetsi amphamvu a m'nyumba. Musatsegule chivundikiro cha mkati, ndipo musayese malo amene simukudziwa ntchito yake. Ngati mukukayika, bukhu lili ndi chithunzi cha malo onse.

Chitseko chikapanda kuyenda, yang'anani batani lolembedwa kuti Learn, limene limakhala pafupi ndi babu kapena kuseri kwa mota. Pa mota za Chamberlain ndi LiftMaster, komanso zina za Craftsman, batani lachikasu limasonyeza mtundu wotchedwa Security+ 2.0, umene unayamba mu 2011. Pa mota zimenezi batani lapakhoma silingolumikiza mawaya awiri. Limatumiza uthenga wobisika, ndipo kukhudzitsa mawaya sikuchita kanthu. Zamabatani ofiirira, ofiira kapena obiriwira ndi zakale kuposa pamenepo ndipo kawirikawiri zimamva kudina wamba. Ngati lanu ndi lachikasu, mungagule cha myQ, kapena kachipangizo kamene wopanga wake amapereka kowonjezera kapadera ka mota zimenezi, kapena ratgdo, kamene kanapangidwira kulankhula ndi mota zamtunduwu mwachindunji.

Pali nkhani ina yofunika kuiganizira musanasankhe. Chakumapeto kwa 2023, Chamberlain inatseka njira imene mapulogalamu a anthu ena, monga Home Assistant, ankalowera pa myQ, ndipo amene anamanga dongosolo la nyumba yawo pa njirayo anangodzuka zitasiya kugwira. Kachipangizo kamene kamadalira makompyuta a kampani pa chilichonse kamayendera zofuna za kampaniyo. Kwa ine, kamene kamatha kumvera foni kudzera pa Wi-Fi ya m'nyumba momwemo, ngakhale intaneti itaduka, n'koyenera kukawonjezera ndalama. Ngati mumangofuna kuona ndi kutseka chitseko muli kuntchito, nkhaniyi isakudetseni nkhawa kwambiri.

Onaninso kapangidwe ka chitseko. Chamagawomagawo, chimene chimapindika n'kugona kudenga, chimagwirizana ndi zonse. Chachimodzi chathunthu, chimene chimatulukira kunja potseguka, opanga ambiri amakana kuti chizitsekedwa munthu ali kutali, chifukwa chimatha kumenya wodutsa panja pomwe masensa saona. Chokulungika pamwamba chimafuna sensa ya maginito (onani sitepe 8).

## Sitepe 4: Yezani Wi-Fi pomwe kachipangizo kadzakhale

Kuyeza mutaima pakhomo la galaja chitseko chili chotsegula kumanamiza. Lowetsani galimoto, tsekani chitseko, kwerani makwerero, ikani foni pafupi ndi mota. Chitsulo cha chitseko, thupi la galimoto ndi makoma a njerwa zonse zimadya mphamvu ya Wi-Fi.

Tizipangizo tambiri totere timagwira Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, osati ya 5 GHz, choncho yezani imeneyo. Pulogalamu yoyezera Wi-Fi imaonetsa nambala ya dBm yokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo: ikayandikira ziro, mphamvu ndi yambiri. Pa -60 muli bwino, pa -67 mukadali bwino, koma kuyambira -70 kupita ku -80 yembekezerani kuduka. Ngati mulibe pulogalamu yotere, tsegulani kanema pa intaneti muli pamakwerero pomwepo muone ngati akuyenda osaimaima.

Ikakhala yofooka, yambani ndi zosalira ndalama: chotsani rauta, kabokosi kotulutsa Wi-Fi, kuseri kwa TV kapena m'kabati, iikeni pamwamba, chakumbali ya galaja. Zikakanika, gulani chowonjezera mphamvu, koma muchiike pakati pa rauta ndi galaja, pomwe Wi-Fi ikadali yamphamvu. Ambiri amachilowetsa m'galaja momwemo, ndipo chimangobwereza kufooka kumene chalandira.

## Sitepe 5: Gulani

Lowetsani nambala ya mota yanu pa tsamba la wopanga kachipangizo, pomwe pali mndandanda wa mota zogwirizana nako. Onani kuti pulagi ndi mphamvu ya magetsi ndi za dziko lanu, kuti kamagwirizana ndi zimene mumagwiritsa kale ntchito monga Apple Home, Google Home kapena Alexa, ndiponso ngati zina mwa ntchito zake n'zolipira mwezi ndi mwezi. Sankhani kamene kamalira ndi kuphethira nyali chitseko chisanayambe kutsika. Muyezo wa ku America wotchedwa UL 325 umafuna chenjezo limeneli pa chitseko chotsekedwa munthu ali kutali, ndipo ngakhale kwanu kulibe lamulolo, ndi lothandiza.

## Sitepe 6: Lumikizani ku Wi-Fi muli pansi

Musakwere nako kaye. Kalowetseni ku soketi ya m'nyumba, pafupi ndi rauta, mutakhala pampando. Ikani pulogalamu yake pafoni, tsegulani akaunti, ndipo ikapempha chilolezo cha Bluetooth, cha malo amene muli kapena cha netiweki ya m'nyumba, ilolezeni. Popanda zimenezi foni siikaona. Ngati pafoni pali VPN, izimitseni. Tizipangizo tina timapanga Wi-Fi yawoyawo yakanthawi imene foni iyenera kulowamo, ndipo foni ikaona kuti mulibe intaneti imathawira ku data. Zikatero zimitsani data mpaka mumalize.

Kakakana ngakhale pasiwedi ili yolondola, chifukwa chake nthawi zambiri ndi rauta imene imaphatikiza 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi. Lowani m'makonzedwe a rauta, zimitsani 5 GHz kwa mphindi zochepa, kapena tsegulani netiweki yachiwiri ya 2.4 GHz yokha. Onaninso mtundu wa chitetezo: tizipangizo tambiri timamva WPA2 koma timakana rauta yotcheredwa pa WPA3 yokha.

Kakalumikizika, kalolezeni kuti kadzikonzere pulogalamu yake yamkati ngati kakupempha. Musakazule kali mkati mochita zimenezi.

## Sitepe 7: Mangirirani ndi kulumikiza mawaya

Zulani pulagi ya mota. Ngati mota ili ndi batire lothandizira magetsi akazima, lichotseninso, apo ayi ikhoza kuyenda manja anu ali pa tcheni. Uzani a m'nyumba kuti asakhudze limoti.

Jambulani mawaya onse mmene alili musanamasule ngakhale umodzi. Pa mota za Chamberlain ndi LiftMaster, malo ofiira ndi oyera ndi a batani lapakhoma, pamene oyera ena ndi otuwa ndi a masensa. Za makampani ena zimalemba manambala kapena zilembo, choncho dalirani waya amene munamutsatira pa sitepe 3.

Sendani mawaya awiri a kachipangizo sentimita imodzi yokha. Masulani malo oyamba, potani waya watsopano pamodzi ndi wakale, lowetsani onse awiri, mangani. Chitani chimodzimodzi pa malo achiwiri. Mawaya a batani lapakhoma asachotsedwe. Batanilo liyenera kugwirabe ntchito. Kokani waya aliyense pang'ono kuti muone ngati wagwira. Kenako penyetsetsani pafupi, ndi tochi ngati n'kotheka: kaulusi kamodzi ka waya kotuluka pambali n'kukhudza malo oyandikana nawo kamachititsa mota kuganiza kuti batani ladinidwa osalekeza, ndipo imasiya kumva limoti kapena kuyenda yokha mukangobwezera magetsi.

Mangirirani kachipangizo kudenga kapena pa zitsulo zonyamula mota, koma osati kuseri kwa chitsulo chachikulu chimene chingatchinge Wi-Fi. Tepi yomata imene imabwera m'bokosi imafooka ndi kutentha komanso kunjenjemera kwa mota, choncho onjezani sikuluwu kapena kalamba kapulasitiki. Mawaya onse amangidwe kutali ndi tcheni, lamba, njanji ndi masipulingi.

Magetsi atengeni ku soketi yeniyeni. Musawatenge pamalo a babu la mota, chifukwa amenewo amazima okha pakatha mphindi zochepa.

Ngati munagula chosafuna mawaya, ntchito yake ndi yaifupi. Chimangirireni pamalo okwera pomwe nyali yake ingaoneke kuchokera pakhomo, ndipo pulogalamu ikakuuzani, dinani batani la Learn kamodzi n'kulileka msanga. Kuligwira nthawi yaitali kumafufuta malimoti onse.

## Sitepe 8: Ikani sensa ya pachitseko

Foni imadziwa za chitseko kudzera mwa sensa iyi yokha. Ikanama, inunso mwanamizidwa, choncho musaithamangire.

Ya maginito ili ndi mbali ziwiri. Mbali ya waya imakhala pa chosasuntha, monga felemu la pamwamba pa chitseko, ndipo maginito amakhala pachitseko penipenipo. Chitseko chikatsekeka, ziwirizi ziyang'anane molunjika, mpata wake usapitirire masentimita awiri ndi theka, kapena mmene bukhu lanenera. Musanamate, zigwirizeni ndi tepi wamba, bwezerani magetsi kwakanthawi, tsegulani ndi kutseka uku mukuyang'ana pafoni. Onaninso kuti maginito sakugunda felemu chitseko chikamakwera, chifukwa gawo lapamwamba silikwera molunjika, limapendekera mkati.

Mukapeza malo abwino, pukutani fumbi ndi mafuta ndi sipiriti, dikirani paume, matani, n'kumanga ndi sikuluwu. Pa chitseko chachitsulo maginito amataya ina mwa mphamvu yake; kachidutswa ka pulasitiki kapena thabwa pansi pake kamathandiza. Pomaliza, kankhani chitseko chotseka ndi dzanja ngati mmene mphepo imachitira. Foni ikanena kuti chatseguka, mpata wakula, ndipo usiku wa mphepo idzakudzutsani kambirimbiri.

Mtundu wina ndi wa batire, wopanda waya, umene umamva kupendekeka. Umenewu umamatidwa pa gawo lapamwamba kwambiri la chitseko, chifukwa ndilo limayamba kugona chitseko chikangonyamuka. Mukauika pa gawo lapansi, chitseko chikhoza kutseguka mpata wokwanira munthu kukwawira foni ikunenabe kuti n'chotseka. Tsatirani muvi wosonyeza kumwamba, ndipo musaiwale kusolola kapepala kotchinga batire. Ine ndimakonda wa maginito: kuyala waya wake n'kotopetsa, koma ulibe batire loti n'kutha mwakachetechete.

## Sitepe 9: Yesani zonse mukuona chitseko

Ngati chitseko chili ndi mpiringidzo kapena loko wamanja, muchotseni kapena mumange kuti asathe kutsekeka. Mota ikakoka chitseko chokhomedwa imapinda gawo lapamwamba kapena kuswa magiya ake, ndipo munthu wodina ali kutali sangadziwe kuti wina wakhoma.

Bwezerani batire ndi pulagi. Yambani ndi batani lapakhoma, kenako limoti, kenako foni. Dinani kamodzi n'kudikira. Mota zambiri zimamva kudina kulikonse motsatizana: koyamba kutsegula, kachiwiri kuima, kachitatu kubwerera. Munthu wopanda chipiriro amene wadina kawiri chifukwa foni yachedwa amasiya chitseko chili pakati.

Werengani masekondi amene chitseko chimatenga kuchokera pansi kufika pamwamba. Mapulogalamu ena ali ndi malo olembapo nthawiyi. Onjezanipo masekondi angapo kuti asamanene kuti zalephereka pamene chitseko chikadali m'njira.

Bwerezani mayeso a katoni ndi thabwa, ulendo uno mukutseka ndi foni. Zimitsani Wi-Fi pafoni, yesani ndi data yokha, kuti mudziwe ngati zigwira muli kutali. Potsiriza zulani kachipangizo ndi mota kwa mphindi imodzi n'kubwezera. Kayenera kubwerera pa Wi-Fi kokha, ndipo chitseko chisasunthe. Amene agwiritsa ntchito swichi wamba ya Wi-Fi, monga ya Shelly, m'malo mwa kachipangizo kopangidwira galaja, aonetsetse kuti yatcheredwa kuti izidzuka ili yozima magetsi akabwera, ndiponso kuti izidzizimitsa yokha pakatha sekondi imodzi ikadinidwa. Kupanda kutero, galaja izitseguka yokha nthawi iliyonse magetsi akabwerera.

## Sitepe 10: Konzani akaunti ndi mauthenga

Akauntiyi tsopano ndi kiyi wa nyumba yanu. Ipatseni pasiwedi imene simuigwiritsa ntchito kwina, ndipo yatsani chitetezo chachiwiri chofuna nambala yapadera polowa. A m'banja musawapatse pasiwedi yanu. Atumizireni chiitano kudzera mu pulogalamu kuti aliyense akhale ndi akaunti yake, imene mungaichotse tsiku lina osasokoneza ena. Mlendo kapena wogwira ntchito mpatseni chilolezo cha masiku ndi maola oikika.

Mauthenga musayatse onse. Foni ikamalira nthawi iliyonse chitseko chikayenda, pakatha sabata mudzasiya kuiwerenga. Awiri ndi okwanira: chitseko chikakhala chotsegula kupitirira mphindi 10 kapena 15, ndi chikatseguka usiku.

Kutseka kokha pakatha nthawi n'kokoma, koma kuganizireni bwino. Masensa ali pansi, ndiye saona chitseko chakumbuyo cha galimoto chimene chatsegulidwa m'mwamba, kapena mphuno ya galimoto yaitali imene matayala ake sanafike pakuwala. Choopsa kwambiri ndi injini yolira m'galaja: utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umapha m'chipinda chotseka. Ngati pakhomo panu pali wokonda kuliza galimoto ili mkati, kutseka kokha kusiyeni kozima.

Kutsegula ndi mawu kuzifuna nambala yachinsinsi, kuti wofuula pawindo asamveredwe. Ndipo ngati nyumbayo munaipeza ndi mota kale, fufutani malimoti onse akale. Pa Chamberlain ndi LiftMaster mumagwira batani la Learn pafupifupi masekondi 6 mpaka kanyali kazime. Kenako lowetsaninso okhawo amene ali m'manja mwanu.

## Ngati mukusintha mota yonse

Mota yopanda masensa, yolephera mayeso a thabwa ngakhale mutaitchera, kapena ya limoti yakale yokhala ndi timaswichi ting'onoting'ono mkati, imene nambala yake siisintha, ndi yoyenera kupuma. Gulani yokhala ndi Wi-Fi kale. Ya lamba ndi yachete kuposa ya tcheni, zomwe n'zofunika ngati pamwamba pa galaja pali chipinda chogona. Sankhani yokhala ndi batire. Ku California lamulo linayamba kufuna zimenezi pa mota zatsopano kuyambira pa 1 July 2019, pambuyo pa moto wolusa wa 2017 pomwe anthu ena analephera kutulutsa magalimoto magetsi atazima.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Gwiritsani ntchito njanji ndi masensa a m'bokosi latsopano, osasakaniza ndi akale. Chitsulo chogwira njanji pamwamba pa chitseko chilowe m'thabwa lolimba kapena mu konkire, chifukwa mphamvu yonse yokoka imathera pamenepo. Batani lapakhoma likhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, pomwe ana aang'ono safika koma pooneka chitseko. Mukatchera malire okwerera ndi otsikira, bwererani ku sitepe 2, kenako 6, 9 ndi 10.

## Zolakwika zofala

Kusintha rauta n'kuiwala galaja. Kachipangizo kamangodziwa dzina ndi pasiwedi zakale. Njira yachidule ndi kupatsa rauta yatsopano dzina ndi pasiwedi zomwezo, chilembo ndi chilembo, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Kuika babu la LED lotchipa m'mota. Ena mwa mababuwa amatulutsa phokoso la wailesi limene limagonthetsa limoti, ndipo tizipangizo tolankhula ndi mota pa wailesi timavutika nalonso. Chizindikiro chake n'chakuti chitseko chimatseguka bwino nyali ili yozima koma chimakana kutseka ikayaka. Chotsani babu muyesenso musanaimbe mlandu kachipangizo.

Kuganiza kuti Wi-Fi yavuta pamene ndi masensa. Chitseko chikamatseguka ndi foni koma kukana kutseka, uku nyali ya mota ikuphethira, yang'anani pansi. Ndodo ya tsache, ukonde wa kangaude, kapena sensa imene yagundidwa ndi tayala la njinga n'kupotoka, ndizo zimachititsa kawirikawiri. Dzuwa la m'mawa kapena lamadzulo likamawomba molunjika pa sensa yolandira limaichititsanso khungu. Kachidutswa ka katoni kopinda ngati kachipewa kamathetsa zimenezi.

Kumata masensa awiri pamodzi kudenga pofuna kuti chitseko chileke kuvuta. Chimalekadi, koma tsopano chikutsika chosaona kanthu, molamulidwa ndi munthu amene ali kutali. Akonzeni, musawanamize.

Kunyalanyaza uthenga wa batire la sensa. Likatha, pulogalamu imatha kukakamira pa zimene inaona komaliza, kapena kukana kutseka. Sungani batire lina la mtundu womwewo m'galaja.

Kuchoka m'nyumba akaunti ili yolumikizidwa. Mukagulitsa nyumba kapena kusamuka, chotsani kachipangizo mu akaunti yanu n'kukabwezera mmene kanachokera kufakitale. Wolowa kumene sangathe kukalembetsa m'dzina lake kakadali m'dzina lanu.

Kudalira foni pa galaja yopanda khomo lina. Chingwe chofiira chili mkati, inu muli panja, magetsi azima, ndipo mota ilibe batire. Galaja yotere imafunika loko wapadera woboolera pachitseko, wokhala ndi kachingwe kachitsulo kofika pa chomasulira chija: mumalowetsa kiyi, kusolola lokoyo, kukoka kachingwe, ndipo chitseko chimanyamulika ndi manja. Kiyi wake akhale pa mulu wa makiyi a nyumba, osati m'galimoto imene yatsekeredwa mkatimo.